Kusinja mochi wa ku Japan pamanja: mafunso ndi mayankho

Kodi mochi n'chiyani kwenikweni?

Mochi ndi mpunga womata umene wapsa ndi nthunzi, kenako n'kusinjidwa ukadali wamoto mpaka njere zonse zitasowa, n'kutsala mtanda umodzi wosalala ndi wotanuka. Mulibe shuga, mulibe mchere, mulibe ufa. Ntchito yosinjayo Ajapani amaitcha mochitsuki, ndipo nyengo yake yeniyeni ndi kumapeto kwa Disembala, pokonzekera Chaka Chatsopano. Inazika mizu moti ana a kumeneko akayang'ana mwezi amati muli kalulu akusinja mochi.

Timipira totsekemera tokhala ndi ayisikilimu kapena nyemba m'kati, timene timagulitsidwa m'masitolo a ku London kapena Johannesburg, nthawi zambiri timapangidwa ndi ufa. Tili ndi funso lake m'munsimu.

Mpunga uliwonse ungachite? Nanga Kilombero kapena Faya?

Ayi, ndipo palibe luso limene lingakonze mpunga wolakwika. Pamafunika mochigome, mpunga wa njere zazifupi zonenepa. Sitachi ya mpunga wamba ili mitundu iwiri, amylose ndi amylopectin. Amylose ndiyo imachititsa kuti njere zikapsa ziziyoyoka payokhapayokha. Mu mochigome mulibiretu amylose, n'chifukwa chake ukasinjidwa umananda ndi kutanuka. Kilombero ndi Faya amakoma chifukwa choyoyoka komweko, ndiye mukawasinja mungopeza phala lolimba loduka mukalikoka.

Kuzindikira kwake n'kosavuta. Njere ya mochigome yosaphika ndi yoyera mbee ngati choko, pamene ya mpunga wamba imaonekera m'kati pang'ono. Ku Japan mitundu yodziwika ndi monga Koganemochi wa ku Niigata, Himenomochi wa chigawo cha Tohoku, Hiyokumochi wa ku Kyushu ndi Hakuchomochi wa ku Hokkaido. Kunja kwa Japan yang'anani m'masitolo a zakudya za ku Asia paketi yolembedwa "glutinous rice" kapena "sweet rice". Mawuwo asakusokonezeni: mpungawu ulibe gluten ndiponso sutsekemera. Womata wa ku Thailand wa njere zazitali umasinjika ndithu, kungoti fungo ndi katanukidwe kake sizifanana ndi za ku Japan.

Amene muli ndi mpunga wamba wa njere zazifupi wokha, pangani goheimochi wa ku Nagano ndi Gifu: mpunga wophika wophwanyidwa mwatheka, womatidwa pakamtengo n'kuwotchedwa. Ndi chakudya china, koma ndi chenicheni.

Pamafunika zipangizo zanji?

Zazikulu ndi zitatu. Usu ndi mtondo wotakata kukamwa koma wosazama, wosemedwa pamwala kapena pamtengo wolimba wotchedwa keyaki. Kine ndi munsi wooneka ngati nyundo yaikulu yamtengo, mutu wake wopingasa kumpini. Seiro ndi chiwiya chamatabwa chophikira ndi nthunzi, chimene chimakhala pamwamba pa mphika wa madzi owira. Onjezani nsalu ya maso aakulu yokulungira mpunga, sefa, beseni la madzi ofunda, thireyi yaikulu, ndi sitachi ya mbatatesi, imene Ajapani amati katakuriko, kapena cornflour.

Mtondo wamtengo muudzaze madzi dzulo lake kuti ming'alu itsekeke, mutu wa munsi nawo ugone m'madzi. Munsi wouma umang'aluka ndipo mochi amaukakamira.

Mtondo ndi munsi wathu wa chimanga zingagwire ntchito?

Munsi ungagwire bwino. Ndipotu Ajapani akale ankasinja ndi munsi wowongoka ngati wathu, umene amautcha tategine, ndipo m'madera ena ukadalipo. Vuto lili pamtondo. Wathu ndi wozama ndi wopanikiza, choncho wotembenuza amalowetsa mkono wonse m'dzenje momwe mukugwera munsi, ndipo sangaone bwino chimene akuchita. Ngati mulibe wina, sinjani pang'onopang'ono, osapitirira theka la kilogalamu, ndipo wosinja aziima kaye mnzake akamatembenuza. Muutsuke ndi madzi owira kangapo. Mochi amatola chilichonse: gaga wotsalira m'ming'alu, fungo la nsinjiro, ngakhale ukali wa tsabola amene munasinja mwezi watha.

Ndiyese mpunga wochuluka bwanji?

Ku Japan mpunga amauyesa ndi go ndi sho. Go mmodzi ndi mamililita 180, pafupifupi magalamu 150 a mpunga. Sho mmodzi ndi ma go 10, kutanthauza malita 1.8 kapena pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo amatulutsa mochi wokwana pafupifupi makilogalamu awiri. Amenewo ndi timitanda 40 ta magalamu 50. Mtondo wamba umalandira ma sho awiri nthawi imodzi. Oyamba kumene ayambe ndi sho mmodzi, koma asachepetse kwambiri mumtondo waukulu, chifukwa mpunga wochepa umazizira msanga ndipo munsi umangomenya pansi.

Kuviika kumatenga nthawi yaitali bwanji?

Tsukani mpunga mwachangu, madzi oyamba muwataye pomwepo asanalowe m'njere ndi fungo la deya, ndipo mubwereze mpaka madzi atayamba kuyera. Kenako uviikeni m'madzi ambiri kwa maola 8 mpaka 12. Mpunga wa chaka chatha ndi wouma kwambiri, umafuna maola 12 kapena kupitirira. Njere yoviikidwa mokwanira imanyenyeka mukaitsina ndi zala.

Kumbukirani kuti Ajapani amachita izi m'chisanu cha Disembala, madzi ali ozizira kwambiri. Kotentha madzi amasasa usiku umodzi wokha, ndiye ikani beseni mufiriji kapena sinthani madzi kawiri.

Sitepe imene ambiri amaithamangira ndi yokhetsa madzi. Khuthulirani mpunga musefa, muipendeketse, muisiye mphindi 30 mpaka ola lathunthu. Mpunga wolowa mu seiro ukudontha umasanduka phala pansi, phalalo limatseka njira ya nthunzi, pamwamba n'kutsala posapsa.

Bwanji osangouphika m'madzi ngati mpunga wa masiku onse?

Chifukwa umamwa madzi opitirira muyeso. Mochi wake amatuluka wolobodoka, saumbika, ndipo amasungunuka mukamuika mumsuzi. Nthunzi imapsetsa njere ndi madzi okhawo amene inamwa poviika.

Nyowetsani nsalu, muifinye, muiyale mu seiro. Thirani mpunga osaupsinja, pakati mukumbe kadzenje kuti nthunzi idutse, mupinde nsonga za nsalu pamwamba. Tekani seiro madzi atawira kale kwambiri, ndipo moto usatsike. Sho mmodzi amapsa pa mphindi 30 mpaka 40. Madzi akachepa onjezani owira, osati ozizira. Polawa tengani njere za pamwamba chapakati: zikhale zonyezimira, zotafunika popanda kamtima kouma m'kati. Kamtima kameneko sikatha ndi kusinja, choncho ndi bwino kupitiriza mphindi zisanu kusiyana ndi kuphula msanga.

Wopanda seiro aike sefa yachitsulo pakamwa pa poto wamkulu, mpunga usakhudze madzi, chivundikiro achikulunge ndi nsalu kuti madontho asagwere mumpunga.

Mpunga wapsa. Ndiyambe kusinja?

Musanyamule munsi m'mwamba kaye. Apa ndi pamene mochi amakomera kapena kuwonongekera.

Mpunga ukali pamoto, mtondo ukhale uli ndi madzi otentha, ndipo muwasinthe kawiri kapena katatu, makamaka ngati ndi wamwala, poti mwala wozizira umayamwa kutentha konse m'kanthawi kochepa. Mphindi yophula ikakwana tayani madziwo, pukutani, khuthulani mpunga. Tsopano gwirani munsi pafupi ndi mutu, mutsamire ndi thupi lonse, muziphwanya njere mozikanikizira kukhoma la mtondo uku mukuzungulira. Ajapani amati kone, ndipo odziwa amanena kuti ntchito yaikulu ndi imeneyi, kusinja n'kongomalizitsa. Pitirizani kwa mphindi zitatu mpaka zisanu, kufikira njere zitagwirana moti mukakankha mbali imodzi mtanda wonse ukusuntha.

Mukadumpha sitepe imeneyi, munsi woyamba umamwaza njere pabwalo ponse, ndipo zotsalazo zimazizira zisanaphwanyike. Njere yozizira siphwanyikanso ngakhale musinje mpaka dzuwa kulowa.

Anthu awiri amagawana bwanji ntchito popanda kuphwanyana zala?

Mmodzi amasinja, wina amatembenuza. Wotembenuza agwade pambali pa wosinja, osati moyang'anizana naye, kuti mutu wake usakhale m'njira ya munsi. Avule mphete ndi wotchi. Munsi ukakwera, iye amanyowetsa dzanja, amakoka m'mphepete mwa mtanda n'kupindira pakati, dzanja n'kuchoka. Munsi umagwera pomwe wapindapo. Pakatha mikwapulo 15 kapena 20 wosinja amaima, mnzake n'kunyamula mtanda wonse kuugadabuza.

Chimene chimateteza dzanja ndi kayendedwe kosasintha, osati maso. N'chifukwa chake pa mochitsuki pamamveka "yoisho, yoisho", monga momwe nyimbo ya pamtondo imagwirizanitsira minsi iwiri. Wosinja asasinthe liwiro osanena. Asamenyenso ndi mphamvu: akweze munsi, ausiye ugwe ndi kulemera kwake, pakati penipeni. Womenya mwaukali amatopa msanga, amaphonya, n'kugunda mlomo wa mtondo.

Amene munaonapo mavidiyo a sitolo ya Nakatanidou ku Nara, komwe dzanja ndi munsi zimasinthana mothamanga ngati mphezi, musayesere. Ndi anthu amene achita zimenezo zaka zambiri.

Madzi a m'manja akhale ochuluka bwanji?

Ochepa kuposa momwe mukuganizira. Ntchito yake ndi yoti dzanja ndi munsi zisamatirire, basi. Viikani dzanja, mulikutumule kamodzi, ndiye mugwire. Akhale ofunda, chifukwa ozizira amaziziritsa mtanda. Oyamba kumene amathira madzi ambiri poopa kupsa, ndipo dontho lililonse limalowa mu mochi. Zotsatira zake n'zomwe tafotokoza pa funso la kuphika m'madzi, kuphatikizapo kung'aluka pouma ndi kuchita chuku msanga. Mochi wodya tsiku lomwelo angalandire madzi ochulukirapo pang'ono. Wosunga ayi.

Ndidziwa bwanji kuti wasinjika?

Pamwamba pamasalala n'kumanyezimira, munsi umayamba kumveka mofewa, ndipo mukatsina kachidutswa n'kukoka kamatanuka osaduka, kopanda njere pakati pa zala. Kuchokera pokhuthula mpunga mpaka apa pasapitirire mphindi 15. Kusinja mopitiriza sikuwonjezera kanthu, kumangoziziritsa mtanda n'kuvutitsa oumba.

Wanga watuluka ndi mibulu, wina tizibenthu ta mtengo. Ndalakwitsa pati?

Mibulu yolimba m'kati ndi mpunga wosaviikidwa mokwanira kapena wosapsa. Njere zofewa koma zosaphwanyika zikusonyeza kuti mtondo unali wozizira, kapena munachedwa pophwanya. Ngati mwazindikira msanga, bwezerani mtanda pansalu yonyowa mu seiro kwa mphindi zisanu mpaka khumi, mutenthetsenso mtondo, muyambirenso. Mibulu imathanso kubwera ndi mpunga wosakanikirana ndi wamba, ndipo umenewo ulibe mankhwala.

Tizibenthu timachokera kumunsi umene wagunda mlomo wa mtondo. Imani pomwepo, dulani mbali yonse imene tagwera, mupale munsi ndi mpeni pamene pakhadzuka musanapitirize.

Ndili ndekha ndipo ndilibe mtondo. Ndingatani?

Tengani magalamu 300 a mpunga, muviike ndi kuphika monga tanenera, ngakhale kuti wochepa chotere umapsa pa mphindi 25 kapena 30. Khuthulirani m'mbale yolimba imene mwaitenthetsa ndi madzi owira, muikhazike pansalu yonyowa kuti isaterereke. Phwanyani ndi kusinja ndi mpini wa mthiko wonenepa kapena chogudubuzira ufa, nsonga yake mukuiviika m'madzi otentha, ndipo muzipinda ndi chipande chonyowa. Pamatenga mphindi 10 mpaka 15 ndipo mkono umamva. Akayamba kuuma musanamalize, vundikirani mumuike mu microwave masekondi 30. Sasalala ngati wa mumtondo, koma kukoma kwake n'komweko.

Mabanja ambiri ku Japan masiku ano amagwiritsa ntchito makina a magetsi a makampani monga Tiger ndi Zojirushi, amene amaphika ndi kukanda okha. Kuviika ndi kukhetsa madzi sikusintha.

Aumbidwe wozungulira kapena wamakona?

Zimatengera dera. Kumadzulo, monga ku Kyoto ndi Osaka, amaumba wozungulira, marumochi. Kum'mawa, monga ku Tokyo, amadula wamakona anayi, kakumochi. Malire ake amati ali cha ku Sekigahara m'chigawo cha Gifu. Anthu amanena kuti mumzinda wa Edo, dzina lakale la Tokyo, munachuluka anthu moti kuumba kamodzikamodzi kunkachedwetsa, ndiye anayamba kuyala ndi kudula.

Wozungulira amafuna manja ambiri ndi changu. Wazani sitachi pathireyi, ikani mtanda, mmodzi azikokera m'mphepete pansi kuti pamwamba pakungike, kenako afinye pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala mpaka kampira kaduke kokha. Osakoka, kufinya. Enawo azilandira, potsekera pakhale pansi, n'kuzunguliza m'zikhatho mopsinja pang'ono. Samalani kuti sitachi isalowe m'kati popinda, chifukwa pamene yalowa sipagwirananso ndipo pamadzang'aluka.

Wamakona ndi wosavuta. Yalani mtanda wonse ukadali wamoto kuti ukhale wochindikala sentimita imodzi ndi theka, pathireyi ya sitachi kapena m'jumbo yolimba imene mwaiboola ndi singano m'makona kuti mpweya utuluke. Muusiye pozizira theka la tsiku mpaka tsiku lathunthu. Mpeni ukamatirira ndiye kuti nthawi sinakwane, koma mukadikira masiku atatu mudzafuna nkhwangwa. Ajapani amadula kaye daikon, radishi wamkulu woyera, kuti mpeni unyowe. Nsalu yonyowa imachitanso chimodzimodzi.

Bwanji m'mawa mwake wauma gwa? Wawonongeka?

Sanawonongeke, ndi khalidwe lake. Sitachi yopsa ikazizira imabwerera kuuma, ndipo moto umaifewetsanso. Mochi weniweni amene wakhala wofewa masiku atatu ndiye wokayikitsa, muli shuga kapena zina zowonjezera. Mufiriji amauma mofulumira kuposa panja.

Kusunga kodalirika ndi mufiriza. Akangozizira sasani sitachi yonse ndi kaburashi kouma, kulungani aliyense payekha m'pulasitiki, muike m'jumbo yotseka. Kwa mwezi umodzi amakhala bwinobwino. Njira yakale ndi mizumochi: kumiza wouma m'madzi ozizira n'kumasintha madziwo tsiku lililonse, koma imayenera nyengo yachisanu yokha.

Wachita chuku. Ndingopala n'kudya?

Agogo ambiri a ku Japan ankapala, koma malangizo a zaumoyo a masiku ano amati tayani. Mizu ya chuku imalowa m'kati mosaoneka, ndipo poizoni wa mitundu ina satha ndi moto. Chimene chimaitana chuku ndi sitachi yotsalira, chinyezi, ndi kuunjika mochi asanazizire. Manja nawo: mochi wodyedwa atangochoka mumtondo saphikidwanso, ndiye aliyense woumba asambe ndi sopo, ndipo amene akutsegula m'mimba asayandikire. Kachilombo ka norovirus kamafala mosavuta pa mochitsuki wa anthu ambiri.

Amadyedwa bwanji?

Wongosinjidwa kumene amadulidwa ndi manja onyowa n'kugwetsedwa m'zokometsera. Zofala ndi kinako, ufa wa soya wokazinga: masupuni awiri a ufawo, imodzi ya shuga, ndi kamchere kotsina. Kinako mungapange nokha pokazinga soya pamoto wochepa mpaka atafiirira ndi kununkhira, kupeta makoko, kusinja ndi kusefa. Pali anko, phala lotsekemera la nyemba zofiira za azuki. Pali karami mochi, wa daikon wopala wothira soy sauce. Ku Sendai amanyadira zunda, soya wamuwisi wobiriwira wosinja ndi shuga.

Wouma amawotchedwa pawaya pamakala ofatsa, kumutembenuza pafupipafupi mpaka atafufuma n'kuphulika pamwamba. Mukamupaka soy sauce n'kukulunga ndi nori, ndere za m'nyanja zoumitsidwa ngati pepala, ndiye isobe. Pa 1 Januwale amalowa mumsuzi wotchedwa zoni: ku Tokyo wamakona wowotcha mumsuzi woyera, ku Kyoto wozungulira wowiritsa mumsuzi wa miso yoyera, phala la soya losasitsidwa. Ku Kagawa amaikamo mochi wokhala ndi nyemba zotsekemera m'kati, zimene Ajapani a madera ena amadabwa nazo mpaka lero.

Nanga wopangidwa ndi ufa uja?

Ufa wa mochigome ulipo wa mitundu iwiri: mochiko, wogayidwa wouma, ndi shiratamako, wogayidwa m'madzi, wa timibulu koma wosalala kwambiri ukasungunuka. Musasokoneze ndi joshinko, amene ndi wa mpunga wamba. Sakanizani magalamu 100 a shiratamako ndi mamililita 150 a madzi, kuthira pang'onopang'ono mukuphwanya timibulu, kenako magalamu 50 a shuga. Phikani pa nthunzi mphindi 15, kutakasa kamodzi pakati, mpaka kuyera kwa mkaka kutasanduka konyezimira. Chimenechi ndicho chikopa cha daifuku, timipira tija tokhala ndi nyemba zotsekemera m'kati. Shugayo ndi amene amachisunga chofewa. Sichiwotchedwa ndipo sichilowa mu zoni.

N'zoona kuti anthu amafa ndi mochi?

N'zoona. Chaka chilichonse m'masiku oyamba a Januwale okalamba amatsamwidwa, ndipo ozimitsa moto a ku Tokyo amachenjeza anthu nyengoyi isanafike. Mochi amatuluka m'mbale wofewa, koma akafika m'kamwa amayamba kuzizira, kulimba ndi kukakamira, ndipo malovu samusungunula msanga. Dulani tizidutswa tating'ono, yambani mwamwa tiyi kapena msuzi, tafunani mpaka atatheratu, ndipo wokalamba asadye ali yekha. Ana osakwana zaka zitatu asapatsidwe.

Wotsamwidwa akamatha kutsokomola, mulimbikitseni atsokomole. Akalephera kutulutsa mawu, itanani ambulansi, ku Japan nambala yake ndi 119, mumuweramitse, mumumenye mwamphamvu ndi chikhatho pakati pa mapewa mobwereza. Musamupatse madzi.

Pali masiku oletsedwa kusinja?

Mwamwambo alipo. Ambiri amasankha 28 Disembala poti 8 ndi nambala yamwayi. Pa 29 amapewa chifukwa 9 amatchulidwa "ku", mofanana ndi liwu la mavuto. Pa 31 amati ndi mochi wa usiku umodzi, kukonzekera mothamanga kopanda ulemu kwa mulungu wa chaka chatsopano. Choncho wophonya 28 amasinja pa 30.

Mtondo woyamba umapita ku kagami mochi, mitanda iwiri yozungulira yosanjikizana, waung'ono pamwamba, ndi lalanje lotchedwa daidai pansonga. Amakhala m'nyumba mpaka 11 Januwale m'madera ambiri, tsiku la kagami biraki. Sadulidwa ndi mpeni, amaswedwa ndi manja kapena kanyundo kamtengo. Zidutswa zikuluzikulu zimalowa mumsuzi wa azuki. Zing'onozing'ono ziyanikeni pamthunzi podutsa mphepo kwa sabata kapena kupitirira, mpaka zitauma kufika m'kati, ndiye muzikazinge m'mafuta osatentha kwambiri kuti zifufume pang'onopang'ono, muwaze mchere zikadali zamoto. Chidutswa chimene chatsala ndi chinyezi m'kati chimathethetsa mafuta ndipo pakati pake pamakhala polimba ngati mwala.